Miyala ya m'Mapiri a Neno ndi Nthaka ya m'Minda Mwathu

Awa ndi mawu amene Mlangizi wa Zamalimidwe wa ku Neno analankhula pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'midzi.



Lero sindikamba za mbewu kapena za mitengo ya pamsika ayi. Ndifuna kukamba za miyala. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka ndi kufunsana kuti, "Kodi mlangiziyu nkhani zamuthera? Mwala uli ndi ntchito yanji kwa mlimi, kupatula kubunthitsa khasu?" Tandilolani ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga, ndipo mlanduwo mudzaweruza nokha.

Chaka chatha titakolola, bambo wina wa kumtunda kuno anandiitana kuti ndikaone munda wake. Mundawo uli pamtsetse, kunsi kwa thanthwe lalikulu loyera. Anandiuza kuti pamene atate ake anaswa mphanje pamalopo ankadzaza nkhokwe ziwiri, koma iye tsopano ngolo imodzi yomwe sidzaza, ngakhale athire feteleza chotani. Anati, "Alangizi, miyala ikumera m'munda mwanga. Chaka ndi chaka ikukula." Tinatenga khasu ndi kukumba pakati pa mundawo. Dzenje lisanafike m'bondo, khasu linalira pamwala. Ndinati, "Bambo, mwala sumera. Nthaka yanu ndiyo ili kuchoka, ndipo mwala umene unali pansi uli kuonekera." Iye anakhala chete kanthawi, nafunsa kuti, "Nanga nthakayo idzabwerera liti?" Funso limeneli ndilo ndifuna kuyankha lero, koma sitingaliyankhe tisanadziwe kumene nthaka imachokera.

Mabanja atatu a miyala

Akatswiri a miyala, amene ofesi yawo yaikulu ili ku Zomba, amati miyala yonse ya pa dziko lapansi ili m'mabanja atatu. Pogawa sayang'ana kukula kwa mwala kapena maonekedwe ake okha; amayang'ana m'mene mwalawo unabadwira.

Banja loyamba ndi la miyala yobadwa ndi moto. Makolo athu ankadziwa mphamvu ya moto pamwala, pakuti ankaika miyala yofiira m'ng'anjo, napopa mivukuto mpaka atapeza chitsulo chosulira makasu. Pansi penipeni pa dziko pali kutentha kwa ngati ng'anjo imeneyo. M'malo ena mwala umasungunuka kumeneko nukhala chiphalaphala, ndipo chiphalaphalacho chikazizira chimauma ndi kukhalanso mwala. Chikatulukira kunja pa phiri lophulika chimazizira msanga, ndipo mwala wake umakhala wa timibulu tating'ono tosaoneka ndi maso. Koma chikatsakamira pansi, osafika kunja, chimazizira pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi, ndipo timibulu timapeza nthawi yakukula. Mwa miyala yotereyi wodziwika koposa ndi granite.

Banja lachiwiri ndi la miyala youndana m'madzi. Nonse mwaona mchenga ndi matope zimene mtsinje umasiya madzi akaphwa. Zimenezi zikaunjikana kwa zaka zosawerengeka, za pamwamba zimapsinja za pansi mpaka zitagwirana ndi kulimba, ndipo mwala wake umakhala wosanjikizana ngati mphasa zounjika. Malasha amene sitima zimanyamula kuchokera ku Moatize, kudutsa m'boma lathu lino kupita ku Nkaya ndi ku Nacala, ndi a banja limeneli: ndiwo zomera za m'madambo zimene zinakwiririka zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo. Ku Karonga, m'miyala ya banja lomweli, anapezamo mafupa a chinyama chachikulu chakale chimene anachitcha Malawisaurus dixeyi, pokumbukira Frank Dixey, katswiri wa miyala amene anayamba kugwira ntchito ya Boma m'dziko muno mu 1921. Koma m'mapiri a Neno miyala yotereyi njosowa, kotero tiisiye.

Banja lachitatu ndi la miyala yosandulika. Mayi akaumba mbiya ndi kuiotcha, dongo lija silikhalanso dongo. Ngakhale muliviike m'madzi silifewa. Chimodzimodzinso mwala wa banja loyamba kapena lachiwiri ukakwiririka kutali pansi, nupsinjidwa ndi kutenthedwa koma osasungunuka, umasandulika. Timibulu take timandandalikana m'mizere, woyera, wakuda, woyera, wakuda, nthawi zina yopindikapindika ngati nsalu yokwinyika. Mwala wamizerewu dzina lake amalemba gneiss, koma potchula amati naisi. Ndiwo wachuluka koposa m'mapiri athu a Kirk Range ndi m'zigwa za Lisungwi ndi Wamkulumadzi, ndipo unasandulika zaka zoposa mamiliyoni 500 zapitazo, pa dziko pasanamere mtengo ndi umodzi womwe. Mwala woyera wa ku Matope ndi ku Lirangwe, umene amaotcha popanga laimu, ndi wa banja lomweli. Zimenezi si zongopeka ayi. Akatswiri awiri, K. Bloomfield ndi M. S. Garson, anayenda m'mapiri muno kujambula mapu a miyala, ndipo buku lawo linasindikizidwa mu 1965.

Timuyang'anitsitse granite

M'dera lathu granite amapezeka m'malo ena atalowerera pakati pa gneiss, pena ngati thanthwe, pena ngati mtsempha woyera wodutsa m'mwala wakuda. Amene mwafika ku Mulanje kapena ku Zomba mwaona zipupa zazitali za mwala. Mapiri amenewo ndi a granite pamodzi ndi mbale wake wotchedwa syenite, ndipo ndi ana powayerekeza ndi miyala ya ku Neno, pakuti zaka zawo sizifika mamiliyoni 150.

Mawa popita kumunda tolani chidutswa cha thanthwe loyera, muchiswe, muchinyowetse, ndi kuchiyang'ana padzuwa. Ngati mulibe mizere, koma timibulu tangosakanikirana ngati mphale yophika ndi nyemba, ameneyo ndi granite. Mudzaona timibulu ta mitundu itatu. Tina ndi totuwa, towala ngati galasi. Timeneti ndi nsangalabwi, yomwe ija anyamata amatola kumtsinje kuti aike mu legeni. M'mabuku amati quartz. Njolimba kotero kuti imakanda mpeni ndi botolo lomwe. Tina, tochuluka koposa, ndi toyera ngati mkaka kapena tofiirira, dzina lake feldspar. Tina ndi takuda kapena tonyezimira, tosendeka ndi chikhadabo ngati mamba a nsomba, dzina lake mica. Gwirani maina atatuwa, pakuti munda wanu wachokera mwa iwo. Gneiss woyera wa kwathu kuno ali ndi timibulu tomweti, kusiyana kwake ndi mizere ija, kotero zimene ndinene za granite zikhudza iyenso.

Kapena mudzafunsa kuti, ngati mwalawu unabadwira pansi, makilomita angapo kuya kwake, wafika bwanji pamwamba pa phiri? Dziko linatukuka pang'onopang'ono, ndipo mvula ndi mitsinje zinachotsa zonse zimene zinali pamwamba pake. Pambuyo pake dziko linang'aluka. Mbali ya kum'mawa inatitimira nikhala chigwa cha Shire, mbali ya kumadzulo inatsala m'mwamba. Ndicho chifukwa chake munthu wochoka kwa Symon kupita kwa Dambe amangokwera chikwerere, kusiya malambe ndi kutentha, nakapeza mbatata ya kachewere ndi chisanu. Ndipo pamene Shire adutsa pa miyala yolimbayi pali mathithi, monga a Nkula, pamene anayamba kupanga magetsi mu 1966, ndi a Tedzani.

Mwala umaola

Tsono tamverani bwino apa. Katundu amene anali pamwamba pa thanthwe akachoka, thanthwelo limang'ambika ming'alu, ina yoimirira, ina yopingasa, ina yotsata msana wake kotero kuti limasendeka ngati anyezi. Madzi a mvula amalowa m'ming'alumo. Madziwa ali ndi kuwawasa pang'ono kumene lilime silingamve, ndipo kumawonjezeka akadutsa m'masamba oola ndi m'mizu. Kuwawasa kumeneku kumadya feldspar ndi kumusandutsa dongo. Dongo limene amayi amakumba kudambo kuti aumbire mbiya, lambiri linali feldspar kalelo. Mica wakuda naye amaola, nasiya dzimbiri limene limafiiritsa nthaka. Koma nsangalabwi siola msanga. Anzake akatha imangogwa yokhayokha, ndipo ndiyo mchenga.

Popeza madzi amayamba kudya m'ngodya, mwala wamakona umasanduka wobulungira uli pansi pomwepo. Nthaka youzungulira ikakokoloka, umatsala pamtunda, wina pamwamba pa unzake. Miyala yosanjikizana ija imene ana amaiopa popita kubusa, palibe munthu kapena mzimu anaisanja.

Mukafuna kuona zonsezi pamalo amodzi, imani pamene msewu kapena njanji inadula phiri. Pamwamba penipeni pali nthaka yakuda yokhala ndi mizu, mwina chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Pansi pake pali yofiira kapena yachikasu. Kenaka pali mwala woola, umene uoneka ngati mwala ndithu, mizere yake ilipo, koma mukaufinya m'dzanja umanyenyeka. Pansi pa zonse pali thanthwe lamoyo.

Mwana amafanana ndi mayi wake. Mwala woyera, wochuluka nsangalabwi, umabala nthaka yamchenga, yosavuta kulima koma yosasunga madzi ndiponso yanjala. Feldspar amaipatsa potashi, koma laimu ndi fosifolasi zimachepa. Mwala wakuda, wochuluka chitsulo ndi laimu, umabala katondo wofiira, wolemera ku khasu koma wosunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu. Ndicho chifukwa chake minda iwiri yogundana malire, ya mvula imodzi ndi mbewu imodzi, wina umabereka wina ayi, ndipo eni ake amayamba kuganizirana ufiti. Mafumu, mlandu wotere ukafika pabwalo, musanauzenge tumani mnyamata akakumbe dzenje m'minda yonse iwiri. Kawirikawiri mfitiyo mudzaipeza pansi pa dzenjelo.

Ndipo chakudya chimene chimanga chimafuna koposa, chija chobiriwitsa masamba chimene timagula m'thumba la urea, granite satipatsa ayi. Chimachokera ku masamba oola, mapesi, ndowe, ndi mizu ya nandolo, mtedza ndi nyemba. Kotero pa nthaka ya granite mphamvu yonse ili m'chikhatho chakuda cha pamwamba chija. Munthu wotentha mapesi pa munda wamchenga ali kutentha nsima ya chaka chamawa. Ndiponso feteleza wothira pa mchenga wopanda manyowa ali ngati madzi otungira m'dengu: mvula yaikulu imodzi imamutsitsa kupitirira mizu. Pa nthaka yotere kwirirani mapesi, thirani manyowa, bzalani nandolo pakati pa chimanga, ndipo feteleza wobereketsa mumugawe pawiri m'malo momuthira yense tsiku limodzi.

Tsono tibwerere ku funso la bambo uja. Kuti thanthwe liole ndi kupanga nthaka yokuya ngati chala chimodzi chopingasa pamapita zaka mazanamazana. Koma pamtsetse wopanda mitengo, wolimidwa mizere yotsika ndi phiri, nthaka yomweyo ingachoke m'dzinja limodzi kapena awiri. Atate ake a bamboyo anapeza nthaka imene nkhalango inasunga kuyambira makolo asanafike m'dziko muno. Inatha pa mibadwo iwiri yokha. Ndinamuuza zoona, ngakhale zinali zowawa, kuti yapitayo sadzaionanso iye kapena adzukulu ake. Yatsika ndi mitsinje kulowa mu Shire, ndipo ina ili kukwirira dziwe la magetsi ku Kapichira. Chimene angachite ndi kugwira yatsalayo.

Munda wake uli ndi vuto linanso limene ambiri saliona. Thanthwe lopanda nthaka lili ngati denga la malata. Mvula yogwa pamenepo siilowa pansi. Pafupifupi yonse imathamangira kumunda wa kunsi kwake, kotero kuti mundawo umalandira madzi a malo awiri. Tinakumba ngalande kumtunda kwa munda yolandira madziwo ndi kuwapatutsira kukhwawa lokhala ndi udzu. Miyala imene iye ankaiunjika m'malire tinaindandalika m'mizere yopingasa mtsetse, ndipo m'mbali mwake tinabzala vetiva. Mvula ya chaka chino yokha, nthaka yaunjikana kale kumtunda kwa mizere ya miyalayo.

Kwa inu mafumu ogawa malo

Pali choopsa china choposa njala. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, madzi amalowa m'nthaka, nafika pa thanthwe lamoyo, nasowa kolowera. Nthaka imalemera, pansi pake pamaterera, ndipo imatsetsereka yonse nthawi imodzi pamodzi ndi miyala yobulungira ija. Makolo ankati wadutsa Napolo. Zinachitika ku Zomba mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991, ndi ku Chilobwe kunsi kwa phiri la Soche mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, ndipo anthu ambiri anafa. Sindinena kuti mitengo imaletsa chigumukire chilichonse, pakuti mvula ina imaposa mphamvu ya mizu. Koma phiri lometedwa ndi otentha makala limagonja msanga kuposa lovala.

Ndidziwa kuti malo achepa, ndipo kukaniza mwana wa m'mudzi amene wakwatira kumene ndi chinthu chovuta; ine sindinakhalepo pa mpando wanu. Koma ndikupemphani chinthu chimodzi chosalira ndalama. Musanaloze munthu malo pamtsetse, pitani ndi khasu. Ngati mwala wapezeka dzenje lisanafike m'bondo, ndipo malowo ndi otsetsereka kotero kuti munthu polima amaima mwendo umodzi m'mwamba, musampatse kuti akhale munda wa chimanga. Mudzakhala mwampatsa chakudya cha zaka zisanu ndi njala ya moyo wake wonse. Malo otere ndi a mitengo, a udzu wofolera, a ming'oma ya njuchi. Ndipo mukaona miyala ikuluikulu itamwazika pakamwa pa khwawa kunsi kwa phiri, dzifunseni kuti inafika bwanji pamenepo. Inatsika kuchokera kumwamba, ndipo njira imene inadzera ikadalipo. Musalole nyumba, sukulu kapena tchalitchi pamalo amenewo.

Zitsime

Granite ndi gneiss amoyo sasunga madzi m'kati mwawo monga umachitira mchenga. Madzi a pansi amakhala m'malo awiri: m'mwala woola uja, ndi m'ming'alu ya thanthwe. Tsono pamene mwala woola uli wochindikala, monga kunsi kwa mtsetse ndi m'mphepete mwa dambo, chitsime chimakhalitsa. Pamwamba pa chitunda, pamene thanthwe lili poyera, mudzangotaya thukuta. Mikuyu ndi katope zobiriwira m'chilimwe, makamaka zikandandalikana mumzere umodzi, zimaonetsa kuti madzi ali pafupi. Oboola mijigo akadzabwera ndi zipangizo zawo zoyezera, nakasankha malo otalikirana ndi nyumba ya mfumu, musakwiye. Sali kunyoza ufumu, ali kufuna mng'alu. Mijigo iwiri yoyandikana, wina ungatuluke madzi wina ayi, chifukwa wina wagunda mng'alu ndipo wina waphonya.

Chenjerani ndi ichinso. Mchenga ndi dothi zimasefa madzi, koma mng'alu susefa. Chimbudzi chokumbidwa kufika pathanthwe, kumtunda kwa chitsime, chingatumize zonyansa zake molunjika. Chimbudzi ndi khola zikhale kunsi kwa chitsime, ndipo zitalikire mamita 30 kapena kuposa.

Kodi ndi golide?

Pafupifupi mwezi uliwonse kumabwera munthu ku ofesi ndi kabotolo kokulunga m'nsanza, nandiitanira paseri, nanong'ona kuti wapeza chuma. Kawirikawiri ndi mica uja, amene akayamba kuola amaoneka wachikasu ndi kunyezimira m'mchenga. Kuyesa kwake nkosavuta. Mica ndi wopepuka, mukatsukuluza m'mbale amayandama ndi kupita ndi madzi, ndipo singano imamusenda. Golide ndi wolemera, amatsala pansi pa mbale, ndipo mukamumenya ndi nyundo amaphwatalala osasweka. Palinso mwala wina wachikasu wonyezimira wotchedwa pyrite, umene ukamenyedwa umasweka nukhala fumbi lakuda.

Sindikana kuti ku Lisungwi kuli golide. Aliko, ndipo anadziwika kale m'nthawi ya atsamunda. Amachokera m'mitsempha ya nsangalabwi ya m'mapiri, natsika ndi madzi mwala ukaola. Koma lamulo lifuna kuti wokumba akhale ndi chilolezo cha Boma, ndipo ine monga mlangizi ndidandaula ndi magombe. Nthaka ya m'dimba la m'mphepete mwa mtsinje ndiyo yabwino koposa m'dera lonse, pakuti ndiyo ija yathawa kumapiri. Ikakumbidwa maenjemaenje ndi kutsukidwa, patsala nsangalabwi zokhazokha, ndipo madzi osefukira akabwera gombe lonse limagwa pamodzi ndi dimba la mnzanu amene sanakumbe nawo.

Nthawi yanga yatha. Mlungu wamawa, nthawi yomwe ino, tidzakamba za kayezedwe ka akalozera pamtsetse. Mukonzeretu nsungwi zitatu zowongoka, ziwiri zazitali mofanana ndi imodzi yaifupi, chingwe cholimba, ndi mwala umodzi wokula ngati chibakera. Tsalani bwino nonse.